Chimbale cha Nsomba ya Ambulera

Kuntchito onse ankamutchula kuti Bureki. Anali mphunzitsi pasukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo kuyambira m'mawa mpaka poweruka mawu otuluka pakamwa pake anali omwewo: "Bureki, mayi! Bureki, achimwene! Ndati bureki!" Dzinalo linamukakamira mpaka ena ankayesa kuti ndi la makolo. Mkazi wake yekha ndiye sankalitchula. Iye ankati "bambo a Kadontho," potengera mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anabadwa wochepetsetsa koma tsopano anali mtsikana wamtali, ali ku koleji.

Mkaziyo ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Atamusamutsira kunthambi ya mumzinda wina, poyamba ankabwera kunyumba Loweruka lililonse. Kenako zinafika pa kamodzi pamwezi. Ndiye tsiku lina anakhala pampando wa kukhitchini, chikwama chili pamiyendo osachitula, nanena kuti sadzabweranso kudzakhala. Panalibe kukalipirana, panalibe mbale yosweka. Achibale atawakhazika pansi n'kufunsa chomwe chalakwika, mkaziyo anangoti, "Sanandimenyepo, sanandinyozepo. Ndangotopa kukhala ndekha m'nyumba momwe muli munthu."

Tsiku lodzatenga katundu anabwera ndi mchimwene wake, ali pa kalole kobwereka. Mlamuyo anali munthu wanthabwala, koma tsikulo nthabwala zinkamuthawa.

"Alamu, musandiyang'ane choncho," anatero akunyamula katoni ya mapoto. "Ine andibwereka ngati wilibala basi."

"Nyamulani bwino, alamu, pansi pake mpong'ambika," Bureki anayankha, n'kumugwirira chitseko.

Zovala, makina osokera ndi magalasi a pakhoma zitakwera, panatsala zimbale. Banjali linali ndi wailesi yaikulu yakale yoimbira zimbale, ndipo pansi pake panali mulu wa zimbale za Anyamata a Mataye Ofiira, gulu lakale lija lomwe nyimbo zake sizisowa pa ukwati uliwonse. Ana obadwa dzulo amaziimba osadziwa eni ake. Awiriwa anadziwana akuvina nyimbo za gulu lomwelo, ndipo kwa zaka zambiri chimbale chatsopano chikatuluka ankapita limodzi kukagula.

Mkaziyo anagwada pamkeka n'kuyamba kuzipatula. "Izi nzanu, mumazikonda. Ichinso nchanu. Ine nditenga ziwiri izi."

Pansi penipeni panatsala chimodzi. Pachikuto chake panali nsomba yaikulu yofiirira itafunda ambulera wachikasu, ikuyenda pamwamba pa madenga a nyumba.

"Nanga ichi?" Bureki anafunsa. "Si chanu chija?"

"Chisiyeni."

"Ine ndichita nacho chiyani?"

"Muziikapo poto wotentha," mkaziyo anatero, n'kudzuka akusasa mawondo.

Chimbale chimenecho chinali ndi mbiri yake. Gululo litafika pachimake, anyamatawo anadzitsekera m'nyumba dzinja lonse, n'kutulukamo ndi nyimbo zomwe palibe anazimvetsa. Mawailesi anazikana. Anthu anati anyamata asuta chamba, ndipo anachitcha chimbale cha misala. Chaka chotsatira gululo linabwerera ku nyimbo zovina, ndipo za chimbale cha nsomba silinazikambenso. Bureki naye ankagwirizana ndi anthu. Nthawi zochepa zomwe anachimvapo, ankangomva ng'oma, belu la njinga, ndi mipata yaitali yopanda kanthu. Sipika ya kumanzere ya wailesi yawo inafa kalekale, Kadontho akukwawa, ataibaya ndi supuni. Koma poti zimbale zovina zinkamveka bwinobwino pa sipika imodzi yotsalayo, Bureki sanaone chifukwa chokonzetsera. Mkazi wake ndiye ankachimvera yekha Lamulungu masana akamasita zovala, atavala mahedifoni akuluakulu a chingwe chachitali. Bureki ankamuona ali chiimire, simbi ili m'manja, maso ali patali, iye n'kumapita kukatsuka galimoto.

Kalole katatuluka pageti, nyumba inakula. Pakhoma panatsala zipsera zoyera pomwe panali magalasi. Bureki anasesa, anakolopa, anasuntha tebulo kuti libise pomwe panali makina osokera, kenako analibwezeranso pamalo pake.

Masabata otsatirawo anagwira ntchito ngati munthu wobwerekedwa. Mwa ophunzira ake munali mayi wina wogulitsa nsalu pamsika, wonenepa, wolongolola, amene anali atalephera mayeso kangapo koma osataya mtima. Tsiku lina mayiyo anakwera kamtunda, kilachi n'kumupulumuka, galimoto n'kubwerera chambuyo mpaka kukagunda matayala akale omwe anawaika m'mphepete mwa bwalo.

"Aphunzitsi!" anakuwa atagwira pamtima. "Bwanji simunanene bureki? Mukudwala?"

"Pepani, mayi. Maganizo anachoka pang'ono."

"Achoka apita kuti? Abwezeni, ine ndili ndi ana."

Lamulungu lina masana kunagwa mvula yosalekeza. Galimoto sakanatsuka. Malaya osita a kuntchito anali atatha onse, choncho anatulutsa simbi, ndipo m'kabati momwemo, atakulungidwa ndi chingwe cha simbiyo, munali mahedifoni aja. Zikopa za m'makutu zinali zitasupuka. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako, osadziwa chomwe akufuna, anatenga chimbale cha nsomba, anachipukuta ndi mkono wa malaya, anachiika pawailesi n'kutsitsa singano.

Kukhutu la kumanja kunalira belu la njinga lomwe ankalidziwa lija. Kukhutu la kumanzere kunayamba kuwira ketulo. Ndiye mwadzidzidzi munthu anayamba kuimba, pafupi penipeni, ngati waima kumbuyo kwa phewa lake.

Bureki anavula mahedifoni n'kucheuka. M'nyumba munalibe munthu. Pa sipika yamoyo ija pankangomveka belu ndi ng'oma. Anawavalanso, mawu aja n'kubwerera. Apo mpomwe anazindikira: pachimbale chimenechi oimbawo anaika mawu onse mbali imodzi, zoimbira zina mbali inayo. Mawu onse anali kumanzere, ku sipika yakufa. Zaka zonsezi iye ankamva theka.

Anakhala pansi, pamkeka, simbi osaiyatsa.

Nyimbo yoyamba inali ya munthu wogulitsa maambulera kwa nsomba, wodandaula kuti makasitomala ake sabwerako kudzathokoza. Inali yoseketsa, yopepuka, yoti mwana angaiimbe. Koma pansi pake gitala ankalira chobwerera m'mbuyo, liwu lililonse likuyamba mwakachetechete n'kudzatha mwadzidzidzi ngati munthu wokoka mpweya. Limba linkazungulira mutu wake, kuchoka khutu ili kupita linalo, mpaka anagwira mwendo wa tebulo. Anyamata omwe ankawadziwa ngati okuwa pa maukwati apa ankaimba motsitsa, mawu awo atasanjikizana bwinobwino, wina pamwamba wina pansi, opanda wofuna kuposa mnzake. Nyimbo ina inali ya mtsikana wodikira basi, galimoto iliyonse yodutsa ikumusiyira mtundu wake pa diresi. Ina inaduka pakati, wina n'kukhosomola, onse n'kuseka, n'kuyambiranso.

Atatembenuza chimbalecho anapeza nyimbo ya zipinda. Inkanena za nyumba yomwe zipinda zake zinayamba kutalikirana pang'onopang'ono, ngati zikuyandama pamadzi. Khitchini inkapita kwake, pabalaza kwake. Woimbayo anali kukhitchini, akuitana mosangalala kuti tiyi wapsa, ndipo ulendo uliwonse akaitana mawu ake ankamveka patali kuposa poyamba. Nyimboyo sinali yachisoni m'kamvekedwe. Inali ndi kamalikhweru kosangalala, ndi manja owomba. Bureki anaimvera mpaka kumapeto, anabweza singano, anaimveranso. Mvula itakata anali akadali pamkeka, kolala ya malaya itanyowa.

Kuyambira tsiku limenelo ankathamangira kunyumba akaweruka. Anayamba kudziwa pomwe chitoliro chimalowera, pomwe woimba wa mawu aakulu amachedwa pang'ono dala. Ankadabwa kuti anthu anamva chiyani kuti achitche cha misala. Mwina nawonso anali ndi masipika akufa. Mwina ankangofuna kuvina.

"Aphunzitsi, mukung'ung'udza chiyani?" mayi wogulitsa nsalu uja anafunsa tsiku lina ali pamzere wa magalimoto. "Ya maliro kapena ya ukwati?"

"Ya Anyamata a Mataye Ofiira."

"Bodza! Ine zawo ndimazidziwa zonse."

"Ya pachimbale cha nsomba."

"Aa, cha misala chija? Malume anga anachigula n'kukachibweza tsiku lomwelo, amvekere mwandigulitsa chowonongeka." Anaseka mpaka galimoto inazima. Akuilizanso anamuyang'ana m'mbali. "Ndiye inu mwachipeza kuti?"

Bureki sankakonda kukamba za kunyumba ndi ophunzira, koma tsikulo anakamba. Mayiyo anamvetsera osamudula, zomwe zinali zachilendo.

"Ndiye mukundiimbira ine?" anatero pamapeto. "Ine ndine ndani? Pitani mukawauze eni ake. Mkazi amafuna kumva kuti mwamva."

Anapempha tsiku kuntchito. Anakulunga chimbalecho m'thawulo, anachiika m'jumbo, n'kukwera basi ya m'mawa. Njira yonse anachigwirizira pachifuwa kuti anthu oimirira asachikanikize. Ankakonza mawu oti akanene, akafika pakati n'kuwaiwala.

Sitolo ya mankhwala inali pakona, moyang'anana ndi malo omwetsera mafuta. Anamuona mkazi wake kudzera pagalasi, atavala gawuni yoyera, akufotokozera nkhalamba ina kamwedwe ka mapiritsi. Anali atameta tsitsi lalifupi. Bureki anadikira panja mpaka nthawi ya nkhomaliro.

"Bambo a Kadontho! Kwagwanji? Mwana ali bwino?"

"Ali bwino. Kulibe choipa. Ndangobwera."

Anamutengera kuseri kwa sitolo, komwe kunali benchi pansi pa mthunzi wa thanki ya madzi. Bureki anamasula thawulo. Mkaziyo ataona nsomba ija anapumira m'mwamba.

"Mwayenda ulendo wonsewu kudzandipatsa chimenechi? Ndinati muchisiye."

"Ndachimvera."

"Chabwino."

"Ayi, ndikutanthauza kuti ndachimvera. Ndi mahedifoni anu aja." Anachiika pabenchi pakati pawo. "Mayi a Kadontho, ine sindinkadziwa kuti muli mawu."

"Mawu ati?"

"Oimba. Onse ali ku sipika yakufa ija. Ine ndinkangomva belu ndi ng'oma."

Mkaziyo anamuyang'ana pakamwa pali yasa. Kenako anayamba kuseka. Anaseka atagwira m'mimba, anaseka mpaka mnzake wa kuntchito anasuzumira pazenera.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero akupukuta m'maso, "mumaganiza kuti mkazi wanu amaima pamenepo kumvera belu la njinga?"

"Ndinkati mwina ndi zomwe mumakonda."

"Osafunsa?"

"Sindinafune kukusokonezani."

Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono, koma misozi sinaleke. Anatulutsa kampango m'thumba la gawuni.

"Ndinkakuitanani," anatero motsitsa. "Ndinkati bwerani mudzamve kamodzi kokha. Inu munkati mwamva kale."

"Ndikukumbuka."

"Mwaikonda iti?"

"Ya zipinda."

Mkaziyo anagwedeza mutu. Anapukuta fumbi pachikuto ndi chala, kutsatira mzere wa ambulera. Kwa kanthawi anakhala ngati kale, mapewa atagundana. Bureki anayamba kulankhula mofulumira, za gitala wobwerera m'mbuyo, za chitoliro, za momwe dziko lonse linalakwitsira posachimvetsa chimbalechi. Anati wailesi ija akhoza kuikonzetsa. Anati Lamulungu lina, ngati angapeze mpata, akhoza kubwera kuti adzachimvere limodzi, kuyambira poyamba.

"Bambo a Kadontho." Anamugwira padzanja. "Imani kaye."

Iye anaima.

"Ndimafuna ndikuuzeni bwinobwino, osati pafoni. Pali munthu. Ndi bambo wachikulire, akazi awo anamwalira. Amakonza mawotchi kuseri kwa msika uko. Sizinayambe ndili kwanu, musaganize choncho. Koma andifunsira, ndipo ine ndavomera. Ndimafuna timalize za kukhoti."

Panadutsa lole yaikulu pamsewu, benchi n'kunjenjemera. Bureki anayang'ana nsapato zake. Anali atazipolisha m'mawa.

"Amachidziwa chimbalechi?" anafunsa, poti china chofunsa chinasowa.

"Sadziwa nyimbo iliyonse. Amangocheza. Akaweruka amakhala pansi n'kundifunsa kuti kuntchito kunali bwanji, ndiye amadikira yankho."

"Chimbalechi chitengeni basi. Nchanu."

"Sindingathe. Ndikachimva ndimamva fungo la simbi pa malaya anu. Chinandisunga nthawi yaitali, koma chinandisungira m'nyumba muja. Panopa chikhale chanu." Anachikulunganso m'thawulo yekha, mosamala, n'kumuikira pamiyendo. "Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi. Nyimbo yomaliza ikatha mumadzutsa singano?"

"Eya."

"Musamadzutse. Muzidikira."

Nthawi ya nkhomaliro inatha. Anamuperekeza mpaka pakona, anamuuza kuti wawonda, kuti azidya, n'kubwerera m'sitolo. Bureki anaima pamenepo mpaka anamuona atayambanso kulankhula ndi kasitomala.

Atafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Sanavule ngakhale nsapato. Anaika mbali yachiwiri, anamvera mpaka nyimbo yomaliza, ndipo itatha anagwira dzanja lake kuti lisapite ku singano. Kunali zii, kungomveka kuthetheka kwa chimbale chakale. Anatsala pang'ono kutaya mtima. Ndiye patali kunamveka chitseko chikutseguka, mapazi akulowa, mpando ukukokedwa. Wina anathira tiyi m'kapu. Mawu a mwamuna anati, "Pepani, ndachedwa." Mawu ena anayankha akuseka, "Akadali wotentha." Basi, singano inafika kumapeto.

Bureki anakhala pomwepo, chimbale chikungozungulira, mpaka m'nyumba munachita mdima.

Za kukhoti zinatha popanda mkangano. Mayi wogulitsa nsalu anakhoza mayeso ulendo wotsatira, ndipo anamubweretsera nsalu ya malaya. Atamufunsa za ulendo uja, Bureki anangopukusa mutu, mayiyo n'kuluma mlomo osafunsanso.

Ukwati wa mayi a Kadontho unali wa mwezi wozizira. Kutatsala tsiku limodzi, Kadontho anadzera kwa bambo ake pochokera ku koleji, kudzatenga nsapato zake zomwe zinatsala m'chipinda. Anawapeza ali pabalaza, mahedifoni ali kumutu.

"Adadi, mwayamba liti zimenezi?"

"Tabwera udzamve."

Anamuveka mahedifoni. Mtsikanayo anamvetsera pang'ono, nkhope yake n'kusintha. Anayamba kuimba nawo motsitsa, mawu onse, osaphonya.

"Ukuidziwa?"

"Amama ankandigonekera imeneyi. Ya maambulera. Ine ndinkayesa anaipeka okha." Anavula mahedifoni n'kuwayang'ana bambo ake. "Adadi, mukufuna ndisapite mawa? Ndikhoza kunena kuti ndadwala."

"Iwe, usayerekeze. Amayi ako akufuna uwagwirire maluwa. Tenga nsapato zako ndikakutule."

Analowa m'galimoto. Kadontho ankakamba za mayeso, za mnzake wa m'chipinda amene amabwereka sopo osabweza. Padepoti Bureki anamunyamulira chikwama mpaka pakhomo la basi.

"Ndikawauze chiyani amama?"

Bureki anamupatsa chikwama chija. "Ukawauze kuti ndinadikira. Adziwa."

"Basi?"

"Basi. Ndipo ukavine, usakakhale pampando ngati mlendo."

Mtsikanayo anawakumbatira mwamphamvu, n'kukwera. Basi inachedwa kudzaza, ndipo Bureki anaima pambali pa wogulitsa nthochi mpaka inanyamuka. Pobwerera anayendetsa pang'onopang'ono kwambiri, manja onse ali pachiwongolero. Magalimoto a kumbuyo ankaliza mahutala n'kumamupitirira, madalaivala ena akutukwana pazenera. Atafika pamphambano yokhotera kwawo sanakhote. Anapitirira mpaka kubwalo lophunzitsira, lomwe tsikulo linali lopanda munthu, anaimika galimoto pakati penipeni, n'kuzimitsa injini.